Sitima za Mizere Iwiri Yoyera: Mbiri ya Kampani ya British India

Kwa zaka mazanamazana ulendo wa pa Nyanja ya India unkalamulidwa ndi mphepo. Kuyambira Novembala kufikira Malichi kumaomba mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa, imene Aswahili amaitcha kaskazi, ndipo zombo za matanga zinkatsika nayo kuchokera ku Oman, ku Yemen ndi ku Gujarat kudzakocheza ku Mombasa, ku Zanzibar ndi ku Kilwa. Ikafika Epulo mphepo imatembenuka, n'kuyamba kusi, ndipo zombo zija zinkabwerera kwawo zitasenza minyanga ya njovu, mitengo yomangira nyumba, komanso anthu ogwidwa ukapolo, chinthu chimene sitiyenera kuchibisa. Amalonda a kuno kwathu amene ankayenda miyezi kuchokera kunyanja kupita ku Kilwa ankakumana ndi zombo zomwezo. Wochedwa ndi mphepo ankakhala pa doko lachilendo mpaka nyengo ina itakwana. Ife a m'mbali mwa nyanja sitifuna womasulira pa nkhani imeneyi, pakuti mwera ukalusa ngakhale msodzi wolimba mtima amakhala pamtunda n'kumasoka ukonde.

Kenako panatulukira chombo chosadikira mphepo. Chinkayenda ndi moto wa malasha ndi nthunzi, chinali ndi tsiku lonyamukira ndi tsiku lofikira, ndipo tsikulo linkalembedwa papepala miyezi ingapo ulendo usanachitike. Mwa makampani onse amene anayendetsa sitima zotere pa nyanjayi, imene inakula koposa inali British India Steam Navigation Company, imene anthu ankangoitcha BI. Sitima zake zinkadziwika patali ndi chumuni yakuda yokhala ndi mizere iwiri yoyera. Kwa zaka zoposa 120 chizindikiro chimenechi chinkaoneka m'madoko a Calcutta, Rangoon, Bombay, Karachi, Basra, Aden, Mombasa ndi Beira, ndipo ambiri mwa anthu amene ankazigwirira ntchito kapena kuzikwera anali Asilamu.

Chiyambi chake ku Calcutta

Mwini nzeru yoyambitsa kampaniyi anali William Mackinnon, wobadwa mu 1823 m'tauni yaing'ono ya Campbeltown ku Scotland. Anapita ku India ali mnyamata, ndipo mu 1847 iye ndi mnzake wa kwawo, Robert Mackenzie, anayamba bizinesi yogula ndi kugulitsa katundu imene inatchedwa Mackinnon, Mackenzie and Company. Mackenzie anafa pa ngozi ya sitima mu 1853, koma dzina lake linatsala pa kampaniyo. Nthawi imeneyo Angerezi anali atangolanda chigawo cha kumunsi kwa Burma, dziko la mpunga ndi matabwa, ndipo boma lawo la ku India linkafuna wonyamula makalata pakati pa Calcutta ndi Rangoon mosadumphitsa. Mackinnon anapeza ntchitoyo, ndipo mu 1856 anakhazikitsa Calcutta and Burmah Steam Navigation Company ndi sitima ziwiri zazing'ono, Baltic ndi Cape of Good Hope, iliyonse ya matani pafupifupi 500.

Chaka chotsatira, mu 1857, Amwenye anaukira ulamuliro wa Angerezi, ndipo Cape of Good Hope inatumidwa kukatenga asilikali ku Ceylon kuti adzathandize kuthetsa kuukirako. Apa m'pamene khalidwe la kampaniyi linaumbidwa. Boma linkailipira ndalama zonyamulira makalata, iyo n'kumayendera ndalamazo pofika m'madoko aang'ono amene sitima zina sizikanapindula nawo, ndipo nkhondo ikabuka sitima zake zinkasanduka zonyamula asilikali. Mu 1862 kampaniyi inakula n'kutenga dzina la British India Steam Navigation Company. Mackinnon anapeza bwenzi lamphamvu, Sir Bartle Frere, amene chaka chomwecho anakhala bwanamkubwa wa Bombay, ndipo sitima za BI zinayamba kuyenda kuchokera ku Bombay kudzera ku Karachi mpaka ku Basra. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, ulendo wa pakati pa India ndi London unafupika ndi makilomita zikwi zingapo, ndipo malasha anayamba kugonjetsa matanga pa maulendo ataliatali.

Kufika ku Zanzibar

Mu 1872 BI inapatsidwa ntchito yonyamula makalata mwezi ndi mwezi pakati pa Aden ndi Zanzibar, ndipo patangopita zaka zochepa njirayo inatsika mpaka ku madoko a Mozambique. Kumayambiriro kwa 1873 Frere yemwe uja anafika ku Zanzibar kudzakakamiza Sultan Barghash bin Said kuti aletse malonda a akapolo a panyanja. Barghash anakana poyamba, koma Angerezi atamuopseza kuti atchinga chilumba chake ndi sitima zankhondo anasaina pangano mu Juni chaka chomwecho, ndipo msika wa akapolo wa m'tauni ya Zanzibar unatsekedwa. Ochirikiza BI ku London ankanena kuti sitima zoyenda mwandondomeko zidzakulitsa malonda ovomerezeka ndi kufooketsa ukapolo. Mawuwo anali ndi choona chake, koma analinso njira yopezera thandizo la ndalama za boma.

Mackinnon sanakhutire ndi nyanja yokha. Mu 1877 anayamba kulambula msewu wochokera ku Dar es Salaam wolunjika kumpoto kwa nyanja yathu ino, kuti katundu wa kumtunda azitsikira ku sitima zake. Msewuwo unangoyenda makilomita opitirira pang'ono 100 n'kusiyidwa, thengo n'kuumeza. Nthawi yomweyo anayesa kubwereka kwa Barghash ulamuliro wa gombe lonse la kumtunda, koma zokambiranazo zinalephereka. Maganizowo anadzaphukanso mu 1888, pamene Imperial British East Africa Company inapatsidwa chilolezo ndi boma la Britain, Mackinnon ali wapampando. Kampani imeneyo inataya ndalama zambiri, Mackinnon anamwalira mu 1893, ndipo mu 1895 boma la Britain linatenga madera ake, amene lero ndi Kenya, Uganda atatengedwa kale chaka cham'mbuyo. Tikamawerenga mbiri ya utsamunda kum'mawa kwa Africa, tizikumbukira kuti munthu wa sitima za makalata ndi amene anatsogolera mbendera.

Barghash mwini anaona kumene zinthu zikulowera. Anagula sitima zake za nthunzi n'kumaziyendetsa pakati pa Zanzibar, Bombay ndi madoko a Arabia, ndipo amakumbukidwa chifukwa chonyamula ulere anthu osauka opita ku Hajj. Komabe chuma cha mfumu ya chilumba chimodzi sichikanalimbana ndi kampani yodalira mafakitale a ku Glasgow ndi thumba la boma la India. Zombo za matanga sizinathe, zinapitiriza kunyamula mitengo, tende ndi nsomba zouma mpaka m'zaka za m'ma 1960, koma katundu wa mtengo wapatali ndi makalata a amalonda zinasamukira ku sitima. Mpikisano weniweni unachokera kwa azungu anzawo: Deutsche Ost-Afrika Linie ya ku Germany, imene inayamba mu 1890, ndi Union-Castle ya ku Britain.

Kwa ife a kumtunda khomo linali kumwera. Mu 1889 kunapezeka kuti mathiriro a Zambezi a ku Chinde angathe kulowa sitima, ndipo mu 1891 Apwitikizi anabwereketsa Angerezi kamalo komweko kotsitsirapo katundu wa Nyasaland. Wochokera ku Bombay ankatsika pagombe, n'kukwera sitima ya mumtsinje kudzera mu Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo kapena ku Chikwawa. Njanji ya Trans-Zambezia itatsegulidwa mu 1922, ndipo mlatho wa pa Zambezi ku Dona Ana utatha mu 1935, doko la Beira linatenga malo a Chinde. Amalonda a ku Gujarat, ku Kutch ndi ku Kathiawar, ambiri mwa iwo Asilamu, amene anatsegula masitolo ku Limbe, ku Zomba ndi m'misika ya kumidzi, ankadzera njira imeneyi, ndipo nsalu zawo, makalata awo ndi akwatibwi awo zinkaoloka nyanja pa sitima zoyenda pakati pa Bombay ndi gombe lino, zimene zambiri zinali za BI.

Sitima ndi anthu ake

Atamwalira Mackinnon, mphamvu m'kampaniyi zinapita pang'onopang'ono kwa James Lyle Mackay, amene anayamba ngati kalaliki ku Calcutta mu 1874 ndipo anadzatchedwa Lord Inchcape. Iye ndiye anagwirizanitsa BI ndi kampani ya P&O mu 1914, ngakhale iliyonse inasunga dzina lake ndi mtundu wa chumuni yake. Pofika 1922 BI inali ndi sitima pafupifupi 160, chiwerengero chimene makampani ochepa kwambiri padziko anafikapo. Zambiri zinamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland, ndipo zinkapatsidwa mayina a malo a ku India ndi madera oyandikana nawo, ambiri othera ndi chilembo cha a: Rajula, Rohna, Tilawa, Talamba, Dwarka, Karanja. Ilala yathu nayo ndi mwana wa mtsinje womwewo. Inamangidwa kumeneko mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Kukula kwake ndi matani pafupifupi 620, pamene Karanja inali yoposa matani 10,000.

Phindu lalikulu la BI silinkachokera kwa azungu a m'zipinda zapamwamba. Linkachokera kwa anthu a pa deki, amene ankalipira ndalama zochepa, n'kuyala mphasa pabwalo la sitima kapena m'zipinda zazikulu za pansi, katundu wawo ali kumutu. Aliyense amene anagonapo pa Ilala pakati pa matumba a ufa ndi mitanga ya usipa angathe kuona chithunzi chake, kungoti ulendo wa ku Bombay kufika ku Beira unkatenga masabata. Rajula, yomangidwa mu 1926, inali ndi chilolezo chonyamula anthu a pa deki oposa 5,000 pa ulendo umodzi, ndipo inayenda pakati pa Madras, Penang ndi Singapore mpaka 1973. Popeza okwera anali a zipembedzo zosiyana, m'sitima munkakhala makhitchini osiyana a Asilamu ndi a Ahindu, ndipo ena ankadziphikira okha. Pa deki yomweyo panadutsa alimi a ku Bengal ndi ku Madras opita kukakolola mpunga ku Burma, antchito a mgwirizano opita kuminda ya nzimbe ku Fiji, komanso ambiri mwa amuna oposa 30,000 amene anatengedwa ku India kudzamanga njanji ya ku Mombasa kupita ku Nyanja ya Victoria pakati pa 1896 ndi 1901. Pafupifupi 2,500 mwa omanga njanjiwo anafera pa ntchito.

Woyendetsa sitima ndi akuluakulu a injini anali azungu, ambiri a ku Scotland, koma amalinyero anali Amwenye. Ogwira ntchito pamwamba ankachokera ku Chittagong, ku Noakhali ndi ku gombe la kumadzulo kwa India. Osonkhezera moto ankachokera makamaka ku Sylhet ndi ku Punjab, ndipo ambiri mwa onsewa anali Asilamu. Operekera chakudya ndi ophika ambiri anali Akatolika a ku Goa. Kapitao wawo ankatchedwa serang, ndipo ndiye ankalemba anthu ntchito, kawirikawiri a m'mudzi mwake, n'kumadula kenakake pa malipiro awo. Ntchito yowawa koposa inali ya ku ng'anjo. Munthu ankaponya malasha ndi fosholo kwa maola anayi m'chipinda cha pansi pa sitima, ndipo podutsa pa Nyanja Yofiira kutentha kunkagwetsa amuna amphamvu. Malipiro ake anali kachigawo kochepa ka zimene mzungu wa ntchito yomweyo ankalandira. Ena mwa amuna a ku Sylhet anatsika ku London osabwereranso, ndipo ndiwo mizu ya gulu lalikulu la Asilamu a ku Bangladesh amene ali mumzindawo lero.

Ulendo wa ku Makka

Sitima za nthunzi zinasintha Hajj kuposa mmene chinthu china chilichonse chinaisinthira ndege zisanabwere. Ulendo umene unkadya chaka kapena zaka ziwiri unasanduka wa miyezi yochepa, ndipo mlimi wosunga ndalama pang'onopang'ono anayamba kuulota. Kwa wochokera ku gombe la kum'mawa kwa Africa, sitima ya makalata yopita ku Aden inamuyandikitsa kwambiri ku Jeddah. Koma walira mvula walira matope. Kuthithikana m'sitima kunkafalitsa matenda, ndipo mu 1865 kolera inapha anthu pafupifupi 15,000 pa Hajj, n'kufalikira mpaka ku Ulaya. Zitatero maboma a ku Ulaya anayamba kuona Hajj ngati chiopsezo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 Aturuki anatsegula malo obindikiritsa anthu pa chilumba cha Kamaran, pamene mahaji ochokera kum'mawa ankatsitsidwa, kupimidwa ndi kusungidwa masiku angapo asanaloledwe kupitirira.

Momwe eni sitima ena ankaonera mahaji zinaonekera mu Ogasiti 1880. Sitima yotchedwa Jeddah, imene sinali ya BI, inayamba kulowa madzi ikuyandikira Aden ili ndi mahaji oposa 900 ochokera ku Singapore ndi ku Penang. Woyendetsa wake ndi akuluakulu ena anathawa pa bwato usiku, n'kukanena ku Aden kuti sitima yamira. Tsiku lotsatira sitima ija inafika pa doko ikukokedwa ndi inzake, pafupifupi anthu ake onse ali moyo. Manyazi a nkhani zotere ndi mantha a kolera zinakankhira boma la India kukhwimitsa malamulo, mpaka mu 1895 linakhazikitsa lamulo lapadera la sitima za mahaji, lonena za malo a munthu aliyense, madzi akumwa ndi dokotala. BI inkanyamula mahaji pa nyengo yake, koma kampani imene inadziwika kwambiri ndi ntchitoyi ku Bombay ndi ku Karachi inali Bombay and Persia Steam Navigation Company, yoyamba mu 1877, imene inadzatchedwa Mogul Line, ndipo sitima zake zinali ndi mayina monga Akbar, Islami ndi Rizwani.

Amene anayesa kupikisana nayo

Amwenye sanangokhala chete kuona chuma cha madoko awo chikupita ku London. Mu 1905 amalonda a Chisilamu a ku Chittagong ndi ku Rangoon anayambitsa kampani yawo ya sitima yoyenda pakati pa madoko awiriwo, ndipo mu 1906 V. O. Chidambaram Pillai anayambitsa Swadeshi Steam Navigation Company yoyenda pakati pa Tuticorin ndi Colombo. BI inali ndi zida ziwiri. Choyamba chinali kugwetsa mtengo wa tikiti kufikira pamene wopikisana naye sangapirire, popeza kampani ya sitima zoposa 100 ingathe kutaya ndalama pa njira imodzi kwa zaka. Chachiwiri chinali kubweza kwa wamalonda gawo la ndalama zimene walipira, koma patapita miyezi, ndipo pokhapokha ngati sanakwezepo katundu wake pa sitima ya wina. Wamalonda woyesa kampani yatsopano ankataya ndalama zonse zimene ankayembekezera. Makampani awiri aja anagwa pasanathe zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo Pillai anamangidwa mu 1908 pa mlandu woukira boma.

Imene inapirira inali Scindia Steam Navigation Company, yoyambitsidwa mu 1919 ndi Narottam Morarjee ndi Walchand Hirachand. Sitima yake yoyamba, Loyalty, inanyamuka ku Bombay kupita ku London pa 5 Epulo 1919, ndipo mpaka lero dziko la India limakumbukira tsikuli ngati tsiku la ntchito za panyanja. Phunziro lake ndi lodziwika kwa dziko ngati lathu lopanda gombe: mtengo wa nsalu m'sitolo ndi mtengo umene mlimi amalandira pa thonje lake zimadalira kwambiri amene ali ndi chombo.

Nkhondo ziwiri

Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse sitima za BI zinanyamula asilikali a ku India kupita ku France, ku Iraq ndi ku gombe la kum'mawa kwa Africa. Pa nkhondo yachiwiri kampaniyi inataya sitima 51 ndi antchito oposa 1,000, ambiri mwa iwo amalinyero a ku India. Ngozi zitatu ziyenera kutchulidwa. Pa 20 Novembala 1942 Tilawa inanyamuka ku Bombay kulowera ku Mombasa ndi ku Durban ili ndi anthu oposa 950, ambiri a pa deki, mabanja obwerera ku masitolo ndi ntchito zawo za ku Africa. Usiku wa pa 23 Novembala sitima ya Japan yoyenda pansi pa madzi inaiphulitsa kawiri chakumpoto kwa zilumba za Seychelles. Anthu 280 anafa, ndipo otsala anayandama pa mabwato ndi pa matabwa kwa masiku awiri mpaka sitima yankhondo ya HMS Birmingham inawatola. Mu 2017 kampani ina inavuula m'mabwinja a Tilawa mipiringidzo ya siliva yoposa 2,300, ndipo mlandu wa mwini wake unafika ku khothi lalikulu la ku Britain. Mafupa a omira aja ali pansi pomwepo.

Pa 26 Novembala 1943 ndege ya Germany inaponya bomba lowongoleredwa ndi wailesi pa Rohna kufupi ndi gombe la Algeria, ndipo anthu oposa 1,100 anafa, ambiri asilikali a ku America. Ngozi yachitatu imatikhudza kwambiri. Khedive Ismail inali sitima ya ku Egypt imene boma la Britain linatenga n'kuipereka kwa BI kuti iziyendetsa. Mu Febuluwale 1944 inanyamuka ku Mombasa kupita ku Colombo ili ndi anthu oposa 1,500, ndipo pafupifupi 1,000 mwa iwo anali a gulu la mizinga la asilikali a kum'mawa kwa Africa. Pa 12 Febuluwale, kufupi ndi zilumba za Maldives, inaphulitsidwa n'kumira m'mphindi zosakwana zitatu. Anthu 1,297 anafa, kuphatikizapo amayi 77, ambiri mwa iwo anamwino. Njira yomweyo ya Mombasa kupita ku Ceylon ndi imene asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles anadzera popita ku nkhondo ya ku Burma. Agogo athu amene anabwerera ndi nkhani za nkhalango za kumeneko anaoloka madzi omwewo.

Zaka zomaliza

Nkhondo itatha BI inamanganso sitima zatsopano, ndipo izi ndi zimene achikulire a ku Beira, ku Mombasa ndi ku Limbe amakumbukira. Kampala ya 1947 ndi Karanja ya 1948 zinkayenda pakati pa Bombay ndi gombe la Africa, kuima ku Seychelles, Mombasa, Zanzibar ndi Dar es Salaam, ndipo ulendo wautali unkapitirira ku Beira, Lourenço Marques ndi Durban. Kenya ya 1951 ndi Uganda ya 1952, iliyonse ya matani oposa 14,000, zinkachokera ku London kudzera ku Suez n'kukathera ku Beira, doko limene tiyi ndi fodya wa Nyasaland zinkakwerera. Pa njira ya Bombay kupita ku Basra panali zinayi zazing'ono: Dumra, Dwarka, Dara ndi Daressa. Pa 8 Epulo 1961 Dara inaphulika n'kuyaka moto kufupi ndi Dubai, ndipo anthu 238 anafa. Bwalo lofufuza linapeza kuti mwachionekere munthu wina anaikamo bomba, koma palibe amene anaweruzidwa.

Zimene zinatha kampaniyi zinabwera zingapo nthawi imodzi. India ndi Pakistan zitalandira ufulu mu 1947, ndi Burma mu 1948, mayikowa anasungira sitima zawo malonda a m'magombe mwawo, ndipo BI inataya ntchito imene inaibereka. Ndege zazikulu zinatenga asilikali, kenako okwera olemera, kenako mahaji. Ngalande ya Suez inatsekedwa kuyambira 1967 mpaka 1975, ndipo ulendo wa London kupita ku Mombasa unayamba kuzungulira ku Cape. Mabanja a Amwenye a kum'mawa kwa Africa, amene ankadzaza Kampala ndi Karanja, anayamba kuchepa pambuyo pa chipwirikiti cha ku Zanzibar cha 1964, ndiponso Idi Amin atawathamangitsa ku Uganda mu 1972. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1970, boma linawalamula kuchoka m'misika ya kumidzi kupita m'mizinda, ndipo ambiri anasamukira ku Leicester. Katundu naye anayamba kuyenda m'makontena, amene amafuna sitima za mtundu wina.

Kenya inaphwanyidwa mu 1969, Kampala mu 1971. Chaka chomwecho cha 1971 P&O inagawa sitima za BI m'nthambi zake, ndipo kampaniyi inasiya kudziyendetsa yokha. Karanja inagulitsidwa ku India mu 1976 n'kutchedwa Nancowry, ndipo inatumikira zilumba za Andaman kwa zaka zina khumi ndi ziwiri. Uganda inasanduka sitima yoyendetsa ana asukulu a ku Britain pa maulendo ophunzira, inakhala chipatala choyandama pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982, ndipo inathera ku Taiwan, kumene mphepo yamkuntho inaikankhira pamchenga mu 1986 ikudikira kuphwanyidwa. Dwarka inapirira pa njira yake yakale, ikunyamula antchito a ku India ndi ku Pakistan opita ku mayiko a mafuta, mpaka Meyi 1982. Kenako inakwezedwa pagombe la Gadani kufupi ndi Karachi n'kudulidwa zitsulo, patatha zaka 120 chiyambire njirayo.

Mabuku a kampaniyi anasungidwa bwino. Munthu angapeze tsiku limene sitima iliyonse inamangidwa, kukula kwake ndi dzina la woyendetsa wake. Za anthu a pa deki ndi a ku ng'anjo zinalembedwa mochepa, kawirikawiri chiwerengero chokha. Amalinyero a ku India oposa 6,000 amene anafa pa nkhondo yachiwiri mayina awo ali m'mabuku a chikumbutso ku Mumbai ndi ku Chittagong, ndipo asilikali a Khedive Ismail amakumbukidwa pa chipilala cha ku Nairobi, kutali ndi midzi imene anachokera. Zotsalazo zili m'nyumba za anthu: chiphaso chakale chokhala ndi chidindo cha Beira, mendulo ya ku Burma m'kasutikesi kachitsulo, ndi nkhani ya haji woyamba wa m'mudzi, amene anatsanzika ngati wopita kosabwerera n'kudzafika patatha miyezi yambiri. Amene anamva nkhanizi kuchokera pakamwa pa eni ake akukalamba tsopano. Ndi bwino kuti ana athu odziwa kulemba akhale nawo pansi, afunse dzina la sitima, doko limene agogo anakwerera ndi chaka chake, n'kuzilemba m'kope losungika pamodzi ndi mapepala ena a banja.